Rauta ya kwa a Katija

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Tsiku lachinayi chidukireni msewu. Mvula yaleka koma mitambo ikadali njo pa phiri.

Ndinabwera kuno ku Nkhulambe kudzakhala masiku atatu basi, kudzaphatikiza malipoti a kachipatala kathu. Ndili ndi madiresi awiri, laputopu yaing'ono, foni ndi buku lino. Ndikugona m'kalasi pamodzi ndi amayi omwe nyumba zawo zinapita ndi madzi.

Lero tapala matope m'chipinda cha makaundula, ine ndi a Walter, adokotala athu. Kompyuta ya chipatala taifukula ngati chinangwa. Makaundula a anthu olandira ma ARV phala lokhalokha. Ndinayesa kutsegula tsamba limodzi, linangotsalira m'zala.

Anthu 212. Mayina, midzi, mtundu wa mankhwala, tsiku lobwera. Zonse zapita. Ku boma ali ndi chiwerengero chokha, mayina alibe. Mankhwala akuti abwera pa helikopita Loweruka. A Walter anakhala pa ndowa n'kunena, "Tikawapatsa ndani, a Bena? Tikaima pa msasa n'kumakuwa kuti odwala bwerani kuno?"

Mndandanda wina ulipo. Uli m'kompyuta yanga kunyumba, pa boma, patebulo la pazenera. Ndinaukopera mu Januwale kuti ndikamalizire lipoti Lamulungu. Zosaloledwa, ndikudziwa. Pakati pa ine ndi tebulo limenelo pali milatho iwiri yokokoloka.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndawauza a Walter. Iwo anati, "Zokulangani tidzaziona msewu ukatseguka. Pano utengeni."

Netiweki yodalirika ikupezeka malo amodzi okha, pachulu kuseri kwa sukulu. Anthu amachita kudikirana. Aliyense foni m'mwamba ngati akuombeza mvula. Ine ndi laputopu pamiyendo, chiswe chikundiluma m'zidendene.

Chaka chatha Richard, mnzathu wa makompyuta ku Blantyre, anandikonzera zoti ndizitha kulowa m'kompyuta yakunyumba ndili kuofesi. Zinkatheka bwinobwino. Kompyutayo imayakanso yokha magetsi akabwera. Lero ndayesa kasanu ndi kawiri. Kabwalo kumangozungulira, kenaka akuti kompyuta sikupezeka. Sikupezeka bwanji, poti ndinaisiya ndekha patebulo?

Ndamuimbira Richard. Funso lake loyamba, rauta ikadali yomweija? Ayi. Yakale inapsa ndi mphenzi mu Disembala, a Jabiri aneba anga anagula ina. Ili pabalaza pawo, timagwiritsa ntchito nyumba zinayi za mumpanda mwathu.

Iye kuseka. Akuti rauta ili ngati geti ya mpanda. Nyumba zinayi, geti imodzi. Mlendo akagogoda, mlonda ayenera kuuzidwa kuti ameneyu ndi wa nyumba iti. Yakale ija anaiuza iyeyo. Yatsopanoyi sidziwa kanthu, ikungondibweza pageti. Pafunika munthu alowe m'rautamo akatsegule khomo lopita ku kompyuta yanga. Akuti mphindi zisanu. Richard chilichonse ndi mphindi zisanu.

Foni ya a Jabiri yozima. Kwatsala akazi awo, a Katija.

Sitiyankhulana chiyambireni Januwale. Anazula rauta kuti alumikize ayironi ine ndili pakati potumiza lipoti. Ndinatuluka n'kulalata pabwalo, anthu onse akumva. Ndinati zinthu izi n'za anthu opita kusukulu, musamazigwiregwire. Iwo anangoti, "Ife osaphunzira tingoti zikomo, aneba." Anabwezera waya, n'kutseka chitseko. Kuyambira pamenepo moni wa m'maso basi.

Nambala yawo ndaiyang'ana mpaka batire kufika pa 9. Sindinaimbe.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndaimba. Ndinakonzeratu mawu opepesa, atayankha onse anathawa. Ndinayamba kufunsa za mvula ngati chitsiru. Iwo, "Muli moyo, aneba? Alhamdulillah. Mukufuna chani?"

Ndafotokoza. Sanafunse zambiri.

Ntchito yake ndiye iyi. Richard akundilembera pa WhatsApp, ine ndikuwauza a Katija pafoni, iwo akudina pafoni ya mwana wawo Marwa yomwe ili pa wayifayi. Foni kuduka kanayi. Pansi pa rauta pali kapepala ka pasiwedi, zilembo zake ngati nthata. Ziro kapena O? Wani kapena L? Tinayesa zonse, kukana. Richard akuti ndiye kuti a Jabiri anaisintha, basi tagwa nayo.

A Katija anati ndidikire. Ndinamva akudina. "Yalowa. Dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Amuna anga saganiza patali."

Ndinaseka koyamba sabata ino. Anthu pachulu kundiyang'ana.

Khomo tatsegula. Manambala onse ndinawawerengera kawiri, iwo anabwereza osaphonya. Ndayesa kulowa. Kabwalo kaja. Ndayesanso. Kabwalo. Ndinafuna kuiponya laputopu m'chimanga.

Richard akuti bwanji anebawo angolowa m'nyumba, apeze faelo, atumize pa WhatsApp? Zophweka kwa iye. Mafaelo alimo oposa makumi atatu, mayina ofanana, lipoti, lipoti2, lipoti lomaliza, lomaliza zenizeni. Kuti upeze yoyenera uyenera kutsegula n'kuona. Ndipo ikalowa m'foni yawo yalowa, foni imene amagwira aliyense m'nyumbamo.

Ndamuuza kuti n'zachinsinsi, basi. Chenicheni sindingamuuze. Ndilemba muno mokha. A Jabiri ali pamndandandawo. Zaka zitatu. Amalandirira kuno, kutali ndi kwawo, akamabwera kudzagula chimanga cha m'malire. Tsiku limene ndinawapeza pamzere anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi. "Aneba, chonde. Kunyumba sakudziwa." Ndinalumbira.

Mayina ali motsatira zilembo. Dzina lawo lachiwiri limayamba ndi A, lili patsamba loyamba.

Chakudya lero makaka, chinangwa chouma chija, ndi mchere. Mutu ukuwawa.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Richard anapempha chithunzi cha tsamba lina la m'rauta. A Katija anatumiza. Patapita mphindi khumi, uthenga wa Richard: pepani a Bena.

Akuti adiresi imene rauta yathu ili nayo si yakeyake. Kunja kwa geti yathu kuli geti ina yaikulu ya kampani ya netiweki, ndipo kuseri kwake kuli mipanda mazanamazana yogawana adiresi imodzi. Geti imeneyo sitingaitsegule ife. Khomo tinavutikira dzulo lija, kutsegula chitseko cha kuchipinda pamene nyumba yonse ili m'khola la eni ake. Rauta yakale inali ya mtundu wina.

Masiku awiri! Ndinamufunsa chifukwa chake sanayambe waona zimenezo. Akuti sanaganize. Ndamulankhula mawu oipa, munthu akundithandiza mwaulere. Pakamwa panga pomwepa.

Njira ina ilipo. Pulogalamu yoti kompyutayo iziimba yokha kunja, m'malo moti ine ndizigogoda. Geti siletsa wotuluka. Koma wina akhale pa kompyutapo, aiike, andiwerengere manambala, avomere kuti ndilowe. Ndinafunsa ngati munthuyo aziona zimene ndikuchita. Richard, "Zonse. Ngati akuonera TV."

Ndinakhala pachulu osadziwa chochita mpaka mayi wina anandipempha malo.

Masana kunabwera mtsikana ndi mwana wa zaka zinayi kumbuyo. Anadikira onse achoke, n'kundinong'oneza. Chichewa chake chosakaniza ndi Chilomwe, ndinamva theka. Botolo la mwana linapita ndi madzi, buku lakuchipatala limodzimodzi. Masiku asanu ndi limodzi osamwa. Mankhwala ake sawadziwa dzina, akuti aang'ono osungunula m'madzi. A Walter amuyeza pasikelo ya nsomba yobwereka, ampatsa otsala m'kabati yam'mwamba. Ameneyo walimba mtima wabwera. Kutsidya kwa mtsinje, ku msasa wa kutchalitchi, aliko angati amene akungokhala chete pakati pa abale awo?

Sindinawaimbire a Katija. Ndinadziuza kuti lero n'la Ijumaa, tsiku lawo la mapemphero, ndisawasokoneze. Bodza.

Loweruka, 15 Febuluwale

Helikopita yatera pabwalo la mpira. Ufa, malona, kolorini, ndi makatoni athu anayi. Ndinathamanga kukafunsa ngati angandinyamule, ndikatenge ndekha. Akuti malo ndi a ovulala ndi amayi oyembekezera. N'zoona. Ndinabwerera ndi manyazi.

A Walter aika makatoni m'ofesi ya ahedi. Alangizi a zaumoyo atatu akonzeka kuwoloka, akungodikira ine. Akadziwa mayina akawafikira anthu mmodzimmodzi, mwakachetechete, ngati akugawa kolorini. A Walter sanandikalipire. Angondifunsa kuti, "Lero?" Bola akanakalipa.

Ndawaimbira a Katija. Ndawauza kuti ndikufuna alowe m'nyumba mwanga. Kiyi ndili nayo kuno m'chikwama, inayo ili ndi eni nyumba omwe ali ku Migowi kumaliro. Ndinati aphwanye loko. Iwo anakana, akuti mawa kukasowa kanthu adzatchulidwa ndani? Anakaitana amayi a nyumba yachitatu kuti aone, kenaka anamasula zomangira loko ndi mpeni wa kukhitchini. Loko osaphwanya.

Atalowa anati, "Aneba, nyemba munasiya mumphika zamera ndevu."

Anatsuka. Ndinamva mbale zikulira ine ndili pafoni. Munthu amene ndinamunyoza pabwalo akutsuka mphika wanga wowola.

Kompyuta inali yoyaka. Tinayamba kukopera pulogalamu ija. Inafika pa 60. Magetsi phethi.

Ndinadikira pachulu mpaka dzuwa kupendeka. Sanabwere.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Kulibe magetsi ku boma. Akuti mapolo anagwa.

Mapemphero pansi pa mtengo wa mango. Sindinamve ulaliki.

Amwalira abambo ena ku msasa wa kutsidya. Sindikudziwa ngati ali mwa anthu athu. Chimene chikundipweteka n'chimenecho, sindikudziwa.

Lolemba, 17 Febuluwale

A Katija anaimba okha isanakwane 9. "Magetsi abwera. Thamangani, sachedwa kupita." Ndinathamanga ndi sopo kumutu.

Pulogalamu inamaliza. Anaiika okha, ine ndikungowauza podina. Mawu a Chingerezi amene sakuwadziwa amanditchulira chilembo chimodzichimodzi. Anandiwerengera manambala asanu ndi anayi. Ndinalemba. Kwatsala kuti adine povomera.

Apa ndiye ndinayenera kunena. Ndinati, a Katija, zimene nditsegule ndi mayina a odwala. Lamulo silindilola kuti wina aone. Mukadina, muphimbe galasi la kompyuta ndi nsalu. Ndikudziwa mmene zinamvekera. Ndalowetsa munthu m'nyumba, wanditsukira mphika, ndiye ndikumuuza kuti atseke maso. Ndinawonjezera kuti si chifukwa cha zija ndinanena mu Januwale, kuti zija ndinalakwa, ndinalankhula ngati wopanda makolo. Zinatuluka mopanda dongosolo.

Iwo anati, "Zimenezo tidzakambirana mukabwera ndi nkhuku. Ndadina. Ndaphimba ndi chitenje chanu cha pampando. Ndili pakhomo, ndikuyang'ana panja."

Ndipo inatseguka. Kompyuta yanga, chithunzi cha amayi anga, mafaelo anga osalongosoka aja, zonse pa laputopu pamiyendo panga, pachulu. Kamuvi kakuyenda ngati nkhono, ndikasuntha kuno iko kamayankha patapita nthawi. Faelo yoyamba ya Okutobala. Yachiwiri yopanda mayina a ana. Netiweki inaduka. A Katija anachita kuvundukula kuti avomerenso, ndipo faelo yachiwiri ija inali yotsegula, tsamba loyamba. Akuti anadina ndi diso limodzi. Sindinafunse kuti linalo linali kuti.

Yachisanu ndiyo. Anthu 212, mpaka pa 24 Januwale. Ndinaikokera kuno. Mphindi khumi ndi zitatu za kafaelo kakang'ono. Itafika ndinafufuta zonse za chipatala m'kompyuta yakunyumba, ndi m'bini momwe.

Ndinawauza kuti zatheka, angathe kuzimitsa. Ndinathokoza mobwerezabwereza. Sanadule foni. Ndinamva akutseka chitseko, mawu n'kutsika.

Ndilemba monga ananenera.

"Aneba, bambo a Marwa ali konko. Anapita kumalire pa 5, sanabwere. Botolo lawo amabisa m'thumba la jekete yakuda, ndinawerenga asananyamuke, munali khumi ndi awiri. Atha lero. Akabwera muwapatse."

Anapitiriza.

"Sindinaone pa kompyuta yanu, musadandaule. Chaka chachitatu chino ndikudziwa. Ine ndinakayezetsa ndekha ku Mulanje, ndimalandirira konko. Amayesa ndimapita kwa achemwali anga." Kenaka, "Musawauze kuti ndikudziwa. Adzanena okha tsiku limene adzapeze mphamvu. Ndikawatsogolera adzathawa pakhomo ndi manyazi, ndimawadziwa."

Ndinati chabwino. Chinanso ndikanati chiyani?

Alangizi awoloka masana ndi mapepala olemba pamanja, aliyense mayina a midzi yake yokha. A Walter anandigwira paphewa. Richard ndamutumizira uthenga wopepesa. Wayankha ndi chithunzi cha chala chachikulu choimika.

Ndimayesa ndisangalala. Ndangokhala pakhonde la kalasi. Sabata yathunthu ndakhala ndikutchinga chitseko choti mwini wake analowamo kalekale.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Tapeza anthu 147. Abambo anamwalira Lamulungu aja sanali athu. Ndinapuma, kenaka ndinachita manyazi kuti ndapuma. Ana onse khumi ndi anayi apezeka kupatula awiri a m'mudzi wa pansi pa phiri. Mudziwo akuti kulibenso.

Mapepala atha, tikulemba kuseri kwa makatoni. Laputopu ikutchajidwa pa sola ya ahedi, maola awiri patsiku, tikulimbirana ndi mafoni a aphunzitsi.

A Jabiri sanaoneke. A Katija aimba kawiri dzulo, kamodzi lero. Safunsa mwachindunji. Amayamba ndi zoti loko abwezeretsa, maluwa anga athirira, rauta ikugwira bwino. Kenaka chete. Ine ndimati sanafike, koma anthu akubwerabe kuchokera kumalire. Iwo amati Inshallah.

Lachinayi, 20 Febuluwale

A Jabiri afika cha m'ma 11. Wapansi, opanda njinga, opanda chimanga, nsapato imodzi yomanga ndi luzi. Aonda. Jekete yakuda ili pamsana. Anakhala masiku khumi pasukulu ina kutsidya la malire, foni inalowa madzi.

Sanaime pamzere. Anazungulira kuseri kwa thanki ngati kale, n'kundikodola. Masiku atatu osamwa. Ndawapatsa a miyezi itatu, ndalemba. Anamwa limodzi pomwepo ndi madzi a m'manja.

"Aneba, paja nkhani yathu ija ikadali pakati pa ife awiri?" Ndinati ine sindinauze munthu. Ndi zoona, sindinauze munthu.

Kenaka anapempha foni kuti aimbire kunyumba, akuti mayi a Marwa ayenera kuti analira kale maliro. Ndinawapatsa osaganiza. Tinakwera pachulu limodzi. Anayamba kulemba nambala, foni n'kuwaonetsa dzina isanathe. Aneba Katija. Pansi pake mndandanda wonse, kuyambira Lachinayi lapita. Kuimba makumi awiri ndi kasanu ndi kamodzi. Kwina mphindi makumi anayi.

Akudziwa kuti ine ndi akazi awo sitimayankhulana.

Anayang'ana foni, anayang'ana ine. Ndinati ndi nkhani ya rauta, ndimafuna kulowa m'kompyuta yanga. Anafunsa kuti mukompyutamo munali chiyani chofunika chotere. Ndinati za ntchito. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anafunsa kuti pasiwedi ya rauta anawauza ndani. Ndinati anaipeza okha, ulendo umodzi.

Anakhala pansi pachulupo, botolo m'dzanja limodzi, foni m'dzanja lina. Kenaka anati, "Mkazi ameneuja palibe chimene ndinabisapo osachipeza."

Anadina.

Ndatsika kuti ndisamve. Ndili pakhonde la kalasi, ndikuwaona kuchokera pano. Poyamba anaimirira, akulankhula mokweza za njinga ndi madzi. Tsopano akhalanso pansi, atembenukira kuphiri, dzanja lili kumaso. Mphindi makumi awiri zakwana. Anthu atatu akudikira malo pachulu, palibe amene akuwafulumizitsa. Batire inali pa 31 pamene ndimawapatsa, ndipo a Walter akundiitana kuti kwabwera anthu ena a kumalire, koma foni sindikaitenga.